Dimba la pakhomo silidikira masiku 14

Munda wa chimanga uli ndi nyengo yake yokolola, wa thonje chimodzimodzi. Dimba la kuseri kwa nyumba lilibe. Mayi akaona kuti ndiwo zachepa amangotuluka ndi mbale kukathyola repu. Mlendo akamatsanzika amamuthyolera tomato kuti asapite chimanjamanja. Mwana akamadutsa amatola chilichonse chofiira chimene chamukopa maso n'kuponya m'kamwa, osatsuka, osafunsa munthu. Tsono mankhwala ambiri ophera tizilombo amene timagula m'masitolo a zaulimi anapangidwira munda wa mtundu woyambawo. Pa botolo lililonse lolembedwa bwino pamakhala chiwerengero cha masiku oyenera kudutsa kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola: ena 3, ena 7, ena 14, ena mpaka 21, malinga ndi mankhwalawo ndi mbewu yake. Mlimi wa mahekitala amatseka geti n'kuwerenga masikuwo bwinobwino. Pakhomo pomwe pali ana ndi mphika wa tsiku ndi tsiku, geti lake atseka ndani?

Zimene zinagwera banja la alamu anga ku Kasisi mu 2024 zinayambira pomwepa.

Kasisi ili m'boma la Chongwe, makilomita pafupifupi 30 kumpoto chakum'mawa kwa Lusaka, kuseri kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Ndi kwa Asoli, kwa mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Mishoni ya pamenepo anaitsegula mu 1905 ndi Bambo Jules Torrend, wansembe wa Chijezuiti wochokera ku France, ndipo nyumba yolerera ana amasiye imene ambiri amaidziwira Kasisi inayamba mu 1926. Masiku ano mzinda ukukwawira komweko. Anthu opuma pa ntchito mu Lusaka akugula mapuloti, kukumba mijigo, kumanga mipanda ya njerwa, ndipo pafupifupi aliyense amafika atatsimikiza mtima kuti ndiwo zogula wazitsanzika.

Alamu anga ndi mmodzi mwa iwo. Kwawo ndi ku Katete, koma moyo wawo wonse wa ntchito anaudyera m'maofesi a boma mu Lusaka, akukhala nyumba ya lendi yopanda ndi pobzala anyezi pomwe. Penshoni itatuluka anagula puloti, anakumbitsa mjigo wa pampu ya magetsi, anaimika thanki pamwamba, ndipo dimba analiyala nyumba isanathe n'komwe. Ndi munthu wa dongosolo. Mabedi ake ankawayeza ndi chingwe: repu, chainizi, anyezi, mphwa, therere, ndi mizere inayi ya tomato yomangirira ku timitengo. Achemwali anga anapatsidwa m'mbali mwa mpanda kuti abzale nkhwani, bonongwe ndi kholowa, zimene alamu ankazitcha ndiwo za anthu osafuna kuvutika.

Mtima wawo wonse unali pa sitiroberi. Anali ataona mtengo wa kapaketi kamodzi m'masitolo akuluakulu a mu Lusaka n'kuwerengera kuti mabedi atatu okha angawagulire mafuta a galimoto. Mbande anazipeza kwa mnzawo mvula ikupita kumapeto mu 2023, ndipo kunena zoona anazisamala mwaluso. Sitiroberi sabzala mbewu, amabzala ana amene amaphuka pa zingwe zomwe mayi wake amatambasula pansi. Pobzala, khosi la chomeracho liyenera kulingana ndi nthaka: ukalikwirira limaola, ukalisiya pamtunda mizu imauma. Pansi amayala udzu wouma kuti zipatso zisagone m'dothi. Zonsezi alamu anazitsata, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kutadutsa mabedi anachita kufiira. Chaka chimenecho aliyense wopita kukacheza ankabwerako ndi kambale. Adzukulu a ku Lusaka anafika pozolowera kuti akatsika m'galimoto, moni ndi wa pambuyo, choyamba ndi kudimba.

Botolo loyamba silinabwere chifukwa cha sitiroberi ayi. Linabwera chifukwa cha tomato. Aliyense wolima tomato m'Zambia amaidziwa Tuta absoluta, kagulugufe kotuwa kochokera ku South America, komwe kanafika ku Spain mu 2006 n'kulowa m'Zambia mu 2016. Kakakazi kamodzi kamaikira mazira opitirira 200, ndipo kumalo otentha mibadwo yake imatha kufika khumi m'chaka chimodzi. Vuto lake lalikulu ndi lakuti mbozi yake sidyera pamtunda. Imaboola tsamba n'kukhala pakati, ikudya mnofu wobiriwira n'kusiya kakhungu koyera kowonekera, kenako imalowa m'chipatso. Mankhwala ongokhudza pamwamba amanyowetsa denga pomwe mwini nyumba ali m'kati akudya.

Alamu anapopera, mbozi zinachepa pang'ono, patapita sabata ziwiri zinabwerera. Anawonjezera muyezo. Chipepala cha pa botolo chinkanena mamililita, koma iwo ankayeza ndi chitsekerero cha botolo lomwelo, ndipo zitsekerero zinachoka pa chimodzi kufika ziwiri pa sipuleya ya malita 16. Wogulitsa atawauza kuti tizilomboto tazolowera, anagula mtundu wina n'kumasakaniza ndi woyamba uja. Popeza sipuleya inali kale kumsana ndipo madzi atsalamo, ankamalizira pa repu, pa mphwa, ndi pa sitiroberi pomwe, ati kuteteza. Apa m'pamene dimba lonse linasanduka munda wopopera Loweruka lililonse, kaya pali kachilombo kaya palibe.

Wogulitsa uja sananame. Tizilombo timazoloweradi, ndipo si nkhani ya lero. Kambozi kobiriwira kamene kamaboola kabichi ndi repu kanapezeka kuti sikakufanso ndi DDT ku Java, m'dziko la Indonesia, kale mu 1953. Mwa tizilombo chikwi, tochepa timabadwa ndi thupi lopirira poizoniyo. Ukapopera umapha tofooka tonse n'kusiyira topirirato munda wonse kuti tiswane popanda wolimbana nato. Ukamapopera kawirikawiri ndi mankhwala a banja limodzi, ndiye kuti ukuthandiza kusankha mbewu ya mdani wako. Koma chimene wogulitsa sananene ndi chakuti m'dimba muli ena amene safulumira kuzolowera: tizikumbu tofiira ta madontho akuda timene timadya nsabwe za masamba, timavu ting'onoting'ono toikira mazira m'matupi a mbozi, akangaude a ukonde, ndi tinthata tolusa tomwe chakudya chake ndi akangaude ofiira. Amenewa ndi ochepa, amaswana pang'onopang'ono, ndipo amayendayenda pamtunda pa tsamba pomwe mankhwala amagwera. Amayamba kufa ndi iwowa.

Njuchi nazonso zinasiya kubwera. Duwa la sitiroberi likapanda kuyenderedwa mokwanira limabala chipatso chopindika, chonenepa mbali imodzi, cholimba kunsonga. Alamu ataona zipatso zotere anati ndi njala, nathira yureya. Masamba anabiriwira n'kufewa, ndipo masamba ofewa odzaza nayitrojeni ndi amene nsabwe ndi akangaude ofiira amawakonda koposa.

Kenako kunabwera chilala. Mvula ya 2023 kulowa 2024 inadula pakati chimanga chikumasula, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anayamba kuzima, ndipo pofika Seputembala makomo ambiri ankawaona maola atatu okha pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Pampu ya alamu inkadalira magetsi omwewo. Thanki ikadzaza theka, madzi ankayamba apita kukhitchini ndi kubafa, dimba n'kulandira zotsala. Mbewu zinkafota masana, fumbi la mumsewu likukhala pa masamba osatsukidwa.

Kutentha, kuuma ndi fumbi ndi nyengo ya akangaude ofiira. Ndi tating'ono kwambiri moti pamafunika kutembenuza tsamba n'kuyang'anitsitsa kuti uwone timadontho toyenda kunsi kwake. Amayamwa madzi a tsamba, tsamba limachita mawangamawanga achikasu, kenako limauma litakutidwa ndi ulusi wopyapyala. Kukatentha ngati mu Okutobala, dzira limasanduka kholo loikira mazira ake pasanathe masiku khumi. Komanso sali m'gulu limodzi ndi mbozi kapena nsabwe. Ali ndi miyendo 8, ndi abale a nkhupakupa, choncho mankhwala ambiri ophera mbozi, monga cypermethrin amene alamu ankadalira, sawagwira kwenikweni. Amangowachotsera adani. Anthu a zaulimi akhala akuchenjeza za zimenezi kwa zaka zambiri: munda wopoperedwa kwambiri mankhwala a mtunduwu ndi umene akangaude ofiira amaphulikamo. M'dimba la alamu akangaudewa anayamba ndi tomato, anagwira mphwa, ndipo pakutha pa Seputembala masamba a sitiroberi anali atayamba kuoneka ngati awauka.

Kuseri kwa mpanda wa alamu kumakhala mayi wina wachisoli, wamasiye, wobadwira komweko. Dimba lake alamu ankaliseka. Linalibe mzere wowongoka ndi umodzi womwe: anyezi pakati pa repu, maluwa a marigodi m'mphepete mwa mabedi, koriyanda wosiyidwa mpaka kuchita maluwa, udzu wouma woyala paliponse, milu iwiri ya kompositi pansi pa mtengo wa mabulosi. Madzi ankatunga pa chitsime ndi ndowa. Komabe m'chilala chomwecho repu wake anali wobiriwira, ndipo achemwali anga anali atayamba kukagula kumeneko mwakachetechete, chifukwa wa pakhomo ankanunkha mankhwala mumphika.

Tsiku lina mayiyo anasuzumira pa mpanda alamu akupopera.

"Abambo, mwapoperanso? Nanga si dzana lomweli munapopera?"

"Amayi, tizilombo ta masiku ano n'tamakani. Timafuna mankhwala aukali."

"Tembenuzani tsamba muone. Amenewo ndi akangaude, mankhwala a mbozi sawamva. Thirani madzi kunsi kwa masamba m'mawa, muthothole masamba ogwidwawo muwatenthe. Tomato uyo watha, zulani asapatsire zinzake. Ndiponso ana aja akabwera amathyola okha, inu mukudziwa."

"Ana ndimawauza."

Alamu anamuthokoza mwaulemu monga amachitira munthu amene sakufuna kumva. Madzulo anauza achemwali anga kuti zimenezo ndi nzeru za ku mishoni.

Ponena za ku mishoni ankatanthauza Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu ya ulimi imene ili mtunda woyenda pansi kuchokera pa puloti yawo, komwe mayiyo anakachitako maphunziro a masiku ochepa. Alamu ankaidziwa kudzera m'manyuzipepala a mu 2002, pamene sukuluyi inali m'gulu la amene analangiza boma la Levy Mwanawasa kukana chimanga cha GMO pa nthawi ya njala, ndipo kuyambira pamenepo anaiika m'gulu la anthu okana zamakono. Mbiri yake yeniyeni ndi yosiyana. Anaiyambitsa mu 1974 ndi Bulaza Paul Desmarais, Mjezuiti wa ku Canada, ndipo kwa zaka zoposa 15 inkaphunzitsa ulimi womwewo umene alamu ankaukhulupirira: mbewu ya haibulidi, feteleza wa m'thumba, mankhwala a m'botolo. Chimene chinawatembenuza si mantha a zamakono koma mabuku a ngongole. Alimi amene anaphunzitsidwa bwino n'kutsata zonse ankakolola, koma akagulitsa n'kuchotsera mtengo wa zipangizo ankatsala opanda kanthu, ngongole osabweza, nthaka ikufunabe feteleza wochulukirapo chaka ndi chaka. Mu 1990 sukuluyi inasiya njira imeneyo n'kuyamba kuphunzitsa ulimi wa manyowa, kompositi, kasinthasintha wa mbewu, ndi mbewu zobwezera chonde monga kalongonda. Msewu umene alamu ankayenda mu 2024, anthu a tsidya lina la mudzi womwewo anali atauyenda mpaka kumapeto n'kubwerera zaka zoposa 30 m'mbuyomo.

Botolo lomaliza linachokera kumudzi. Msuweni wawo wolima thonje ku Katete atamva za vutolo anawatumizira mankhwala otsala ku munda wake, atawathira m'botolo la chakumwa chozizira, lopanda chipepala chilichonse. Uthenga wake unali wakuti amenewa sasiya kanthu. Izi zimachitika kwambiri kuposa mmene timavomerezera. Mankhwala a thonje amalowa m'madimba a ndiwo chifukwa alipo kale pakhomo, ndipo ena amagulitsidwa m'misika atathiridwa m'timabotolo ndi m'timapepala. Lamulo la zachilengedwe la 2011 linapatsa bungwe la ZEMA udindo wolembetsa mankhwala otere ndi kupereka ziphaso kwa owagulitsa, koma lamulo silingaone za m'chikwama cha munthu wokwera basi ya ku Chipata. Botolo likataya chipepala chake limataya zonse: dzina la mankhwala, muyezo, mbewu zololedwa, masiku odikira, mzere wa mtundu wosonyeza ukali wake, ndi malangizo a kwa dokotala. Thonje munthu sadya, ndiye amene anapanga mankhwala ake sankaganiza za mwana wothyola chipatso.

Inali sabata ya chikondwerero cha ufulu, dziko likukwanitsa zaka 60. Alamu anadzuka m'bandakucha, anathira zitsekerero zitatu m'sipuleya poti muyezo sankaudziwa, napopera mabedi a sitiroberi mpaka masamba kudontha. Anasamba, anavala, nanyamuka kupita kumaliro a mnzawo wa kuntchito mu Lusaka. Akuti anali ndi maganizo ouza mkazi wawo, koma anawapeza akuyankhula pa foni. Sankadziwa kuti mwana wawo wamkazi anali kale pa msewu, akubweretsa ana kudzadyera tchuthi kwa agogo.

Wamng'ono, wa zaka zinayi, anachita monga mwa masiku onse. Anakwawa pakati pa mabedi onyowawo atavala kadiresi kopanda manja, akutembenuza masamba kufuna zofiira. Sitiroberi ilibe khungu losenda, ndipo thupi lake lili ndi timaenje momwe madzi amakhazikika. Palibe akudziwa kuti anadya zingati. Mankhwala ena analowera pakhungu la m'manja ndi m'miyendo, ndipo thupi la mwana ndi laling'ono moti muyezo umene wamkulu angangomva nawo mutu, iye umamugwetsa.

Pasanathe ola anayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba. Aliyense pakhomopo anaganiza za kolera, ndipo sitingawadzudzule: mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unali utapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la masewero la Heroes litasanduka chipatala. Achemwali anga anathamanga kukasungunula thanzi. Mayi wa kuseri kwa mpanda atamva kulira anabwera, ndipo chimene anayamba kumva ndi fungo la pa diresi. Anaona dovu likungotuluka, thukuta lili chonchoo, misozi ndi mamina osaleka, chifuwa chikulira, minofu ya kumaso ikunjenjemera. Anatsegula chikope napeza kadontho kakuda ka pakati pa diso katachepa ngati nsonga ya singano. Kolera amaumitsa munthu, maso n'kulowa m'kati. Mwanayu madzi ankatuluka paliponse.

"Si kolera uyu. Abambo apopera chiyani lero?"

Achemwali anga anagwira kumutu, kenako anathamangira mkaka, poti tonse tinakula tikumva kuti mkaka umapha poizoni. Mayiyo anawagwira dzanja.

"Ayi, agogo ake, musamumwetse kanthu, ndipo musamusanzitse. Atsamwa. Muvuleni, tengani sopo."

Anamuvula, anamusambitsa thupi lonse ndi tsitsi lomwe, anamugoneka chammbali kuti masanzi asalowe m'mapapo, ndipo anatuma mnyamata kukafuna botolo. Analipeza kuseri kwa chitseko cha khitchini, pafupi ndi botolo la mafuta ophikira. Ndikaganiza za malo amenewo ndimakumbukira za ku Bihar, ku India, komwe mu Julayi 2013 ana asukulu 23 anafa atadya chakudya cha masana chophikidwa ndi mafuta oipitsidwa ndi monocrotophos, mankhwala amene alimi a thonje amawadziwa bwino.

Pa chipatala chapafupi anamulandira msanga n'kumutumiza ku chachikulu mu Lusaka. Funso loyamba la dokotala linali dzina la mankhwala, ndipo chimene banja linali nacho ndi botolo la chakumwa lokhala ndi madzi abulauni. Alamu anawaimbira ali kumanda, dzina sankalidziwa. Anaimbira msuweni ku Katete, foni inali yozima chifukwa cha magetsi omwe aja. Mwamwayi zizindikiro zinali zoonekeratu kuti ndi mankhwala a banja la organophosphate. M'thupi la kachilombo, ngakhalenso la munthu, minyewa imatumiza uthenga ku minofu ndi ku tiziwalo totulutsa malovu, thukuta ndi misozi, ndipo uthenga ukafika pamakhala chinthu china chimene chimauzimitsa. Mankhwalawa amamanga chozimitsacho. Uthenga umangopitirira, thupi limatulutsa madzi mosaleka, njira za mpweya zimadzaza, ndipo munthu amafa chifukwa cholephera kupuma. Anamubaya atropine mobwerezabwereza mpaka chifuwa chinauma, namuika pa mpweya. Anagona m'chipatala masiku angapo. Anachira, ndipo lero akupita ku sukulu ya mkaka.

Za mkangano wa m'banja umene unatsatira sindilemba zambiri. Mwana wawo wamkazi anatha miyezi osaponda ku Kasisi. Achemwali anga ananena kamodzi kokha, pamaso pa tonse, kuti safunsa anadya phula, ndipo alamu, amene sagonja pa mtsutso uliwonse, sanayankhe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimatsutsana ndi amene amamva nkhaniyi n'kunena kuti vuto linali kuiwala kuuza mkazi. Akanawauza, mwana akanapulumuka tsiku limenelo. Nanga mawa lake? Sitiroberi ikayamba kupsa imafuna kuthyoledwa masiku awiri kapena atatu alionse, ukachedwa imaola. Repu amathyola sabata iliyonse, therere pafupifupi tsiku lililonse. Mankhwala a masiku 14 pa mbewu zotere amakusiyira njira ziwiri zokha, kutaya zokolola za sabata ziwiri kapena kudya poizoni pang'onopang'ono, ndipo tonse tikudziwa imene anthu amasankha. Banja lija linali litadya ndiwo zopopera kwa chaka chathunthu lisanaone mwana akugwa. Kutsuka kumachotsa za pamtunda zokha, pomwe mankhwala ena amapangidwa dala kuti alowe m'madzi a chomera. Ndipo ngati zili chomwechi pakhomo pa munthu wokonda adzukulu ake, tomato wosalala wopanda kabowo ndi kamodzi komwe amene timamusankha mosangalala ku msika wa Soweto tizimuyang'ana ndi diso lina. Ife ogula ndi amene timaphunzitsa mlimi kupopera, chifukwa tsamba lobooka timalikana.

Sindikunena kuti njira ya mayi uja ndi yofewa. Alamu atasiya kupopera, dimba linayamba laipiratu. Adani a tizilombo sabwerera sabata imodzi, ndipo nsabwe zinachita phwando pa repu mpaka mvula itagwa. Sitiroberi zonse anazula n'kuzitentha. Tomato anamusiya kwa miyezi ingapo kuti Tuta asowe chakudya, nazula mnadzi ndi nthula za m'mbali mwa mpanda, zomwe ndi abale a tomato ndipo zimasunga tizilombo tomweto. Mabedi atsopano a sitiroberi anawaika kutali ndi pomwe panali tomato, chifukwa mbewu ziwirizi zimapatsirana matenda a m'nthaka ofotetsa. Ntchito inachuluka: kutembenuza kompositi, kusenza udzu wophimbira, kuyendera masamba m'mawa uliwonse n'kuwatembenuza, kufinya mazira ndi zala, kutsuka nsabwe ndi madzi a sopo pang'ono. Munthu amene ankamaliza zonse ndi sipuleya pa theka la ola tsopano amakhala m'dimba mpaka dzuwa kuswa mtengo. Zokolola za tomato sizinafikenso pa za chaka choyamba, ndipo Tuta akadalipo.

Komanso mawu akuti zachilengedwe asatipusitse. Alamu atangotembenuka anafuna kuviika fodya m'madzi kuti azipopera, ndipo mayi yemwe uja anawaletsanso. Madzi a fodya ali ndi nikotini, poizoni wolowera pakhungu amene angagwetse mwana mofanana ndi wa m'botolo, ndipo fodya amanyamula matenda a mawanga opita ku tomato. Ombwe, amene alimi ambiri amabzala kuti azipopera, makolo athu ankaphera nsomba m'madziwe. Ubwino wake ndi wakuti mphamvu yake imatha msanga padzuwa, koma wopopera ayenera kudziteteza, kudikira masiku angapo asanathyole, ndi kusatsukira ziwiya mumtsinje. Nimu, adyo ndi tsabola ndi zofatsa, komabe tsabola m'maso mwa mwana si masewera.

Zipatso za adzukulu tsopano ndi zina. Mayi uja anawapatsa nthambi za mabulosi, zimene umangozika m'nthaka yonyowa n'kuphuka, ndi mbande za jamu, amene chipatso chake chimakhala chobisika m'kathumba kake. Mabulosi safuna kupopera, amapirira chilala akakhazikika, ndipo amapsa cha mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomwe sitiroberi imavutika ndi kutentha. Mtengo wake pa msika ndi wochepa, n'chifukwa chake alamu sanawaganizirepo poyamba. Sitiroberi zatsala bedi limodzi, la pakhomo basi. Zogulitsa zija anazisiya.

Chimene chatsala chosathetsedwa ndi mabotolo. Opanda kanthu anawatsukuluza katatu, anawaboola kuti wina asadzatungire madzi kapena kusungira mchere. Koma atatu akadali ndi mankhwala, ndiponso lija la ku Katete linabwerera kuchokera kuchipatala lili theka. Alamu anafuna kuwakhuthulira m'chimbudzi chokumba, achemwali anga anawakumbutsa kuti mjigo uli pa puloti yomweyo. Kuwatentha, utsi wake ndi poizoni. Kuwataya ku Ngwerere, mtsinjewo wasenza kale zonyansa za Lusaka ndipo umakathira mu Chongwe momwe anthu amamwa. Msuweni uja anati angowabweza akapopere thonje, alamu anakana poti nayenso ali ndi ana ndi dimba kudambo. Anakafunsa mlangizi wa zaulimi, amene anawauza kuti asawakwirire, awasunge potseka kufikira atapeza kumene amalandira mankhwala otha ntchito. Ali m'bokosi lachitsulo m'kanyumba ka pampu, loko wake ndi watsopano, ndipo kiyi amasunga ndi achemwali anga.